MADZI OTSUKIRA MBALE: KUTSEGULA NJIRA YAKE IKATSEKEKA

Mwachita bwino kubwera ndi ana kudzawayezetsa ndi kuwabayitsa katemera. Tisanayambe kuyeza, tiyeni tikambirane nkhani imodzi ya pakhomo imene ambiri timaiyesa yaing'ono. Nkhaniyi ndi ya madzi amene timataya tikatha kutsuka mbale ndi mapoto.

Mayi aliyense amadziwa kumene madzi a pakhomo pake amachokera. Ena mumatunga pampopi, ena pamjigo, ena pachitsime. Koma funso lathu lero ndi ili: kodi madziwo akatha ntchito amapita kuti? Pamakomo ambiri amangokhuthulidwa pafupi ndi khitchini kapena pansi pa thandala. Pena pali kangalande, koma kanatsekeka kalekale. Motero pamakhala chithaphwi chonunkha chimene sichiuma, ndipo pomwepo ndi pamene mwana wokwawa amasewera.

Madzi akuda ayenera kukhala ndi njira ndiponso malo othera. Njirayo ikatsekeka, mayi angathe kuitsegula yekha ndi zipangizo zimene ali nazo kale pakhomo.

KUIPA KWA MADZI OIMA

Choyamba ndi ntchentche. Nyenyeswa za nsima ndi ndiwo zikamaola m'matope, ntchentche zimasonkhanapo ndi kuikira mazira. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, dzira la ntchentche limasanduka mphutsi, kenaka ntchentche youluka, m'masiku 7 mpaka 10 okha. Ntchentche yomweyo imatera pachimbudzi, nkubwera kudzatera paphala la mwana, pakapu yake ndi pamilomo pake. Umu ndi mmene tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba ndi kamwazi timafikira m'kamwa mwa mwana.

Chachiwiri ndi udzudzu. Udzudzu wonse umayambira m'madzi, ndipo kukamatentha umatenga masiku 7 mpaka 14 kuchokera pa dzira kufikira pouluka. Madzi akuda onunkha a m'ngalande yotsekeka amabala udzudzu wa mtundu wa Culex, uja woimba m'khutu ndi kusowetsa ana tulo. Udzudzu wa malungo, wotchedwa Anopheles, umakonda zithaphwi zosaya za madzi oyererako zimene zili padzuwa, monga zimene zimakhala mozungulira mpopi ndi mjigo, kapena m'mapazi a ng'ombe. Choncho chithaphwi chilichonse chimene chatha sabata chisanaume ndi mdani wa mwana wanu.

Chachitatu ndi matope. Nkhuku, abakha ndi nkhumba zimakonda malo onyowa, ndipo zimasiyapo zitosi ndi ndowe. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu kapena wa chaka chimodzi sadziwa kusankha. Chimene wagwira amaika m'kamwa. Mwana wotsekula m'mimba kawirikawiri sakwera sikelo, ngakhale mukumpatsa phala labwino la nsinjiro, pakuti chakudyacho sichikhala m'thupi.

Chachinayi ndi makoswe ndi mphemvu. Izi zimatsata zakudya zotsala, ndipo zikazolowera pathandala zimalowanso m'nyumba kukayenda pa ziwiya ndi paufa.

CHIMENE CHIMATSEKA NJIRA YA MADZI

Madzi paokha satseka ngalande kapena paipi. Chimene chimatseka ndi zinthu zimene timataya pamodzi ndi madziwo. Taganizirani zimene zimakhala m'beseni tikatha kutsuka:

1. Nkhoko za nsima, mikute ndi mpunga wotsala. Izi zikanyowa zimatupa ndi kumata ngati phala.

2. Mafuta ophikira ndi mafuta a nyama. Akakhala otentha amayenda ngati madzi, koma akazizira amaundana ndi kumatirira m'mbali mwa paipi kapena pa miyala. Akasakanikirana ndi thovu la sopo amalimba kwambiri, ndipo zinyalala zina zonse zimakakamira pamenepo.

3. Phulusa ndi mchenga zimene timakwechera mapoto. Izi nzolemera, zimakhazikika pansi ndi kudzaza ngalande pang'onopang'ono.

4. Mamba ndi minga ya nsomba, monga makumba ndi matemba a ku nyanja ya Chilwa, makoko a nandolo ndi a kalongonda, masamba a tiyi, ndi ulusi wa masamba a nkhwani.

5. Mapepala a pulasitiki amene timagulira mafuta, shuga ndi mchere. Awa saola konse, ndipo pepala limodzi lokha lingathe kutseka kukamwa kwa paipi.

Tikadziwa zimenezi, mankhwala ake tawapeza kale. Zolimba zipite kwao, madzi apite kwao. Musanatsuke, palani mbale ndi mapoto. Zakudya zotsala patsani nkhuku kapena nkhumba kutali ndi khitchini, kapena mukazitaye m'nkhuti ndi kufotserapo dothi pang'ono kuti zisanduke manyowa. Poto wa mafuta yambani mwampukuta ndi gaga kapena masamba. Madzi a phulusa ndi mchenga asiyeni adikhe m'beseni, mukhuthule a pamwamba okha, ndipo zokhazikika pansi mukataye m'nkhuti.

SEFA YA CHITINI

Ngakhale mutapala bwanji, tinyenyeswa tina timatsalabe m'madzi. Pa chifukwa ichi konzani sefa. Tengani chitini chachikulu kapena ndowa yakale, muboole pansi pake mabowo ambiri ndi msomali. M'katimo ikani udzu wouma wokwanira dzanja limodzi kapena awiri. Dengu lakale kapena lichero lotha lingagwirenso ntchito yomweyi. Sefayi iikeni pamene madzi amayambira kuyenda, ndipo madzi onse otsukira mbale muzithira mmenemo.

Udzu umakola nyenyeswa ndi mafuta, madzi okha nkudutsa. Pakapita masiku awiri kapena atatu, chotsani udzuwo, mukaukwirire m'nkhuti, muike wina. Masana muzivundikira chitinicho ndi kathabwa kuti ntchentche zisaterepo. Ntchitoyi ndi yochepa, koma ndi imene imasunga ngalande ndi dzenje kwa nthawi yaitali.

KUTSEGULA NGALANDE YA PATHANDALA KAPENA YA KUBAFA

Ngati ngalande yanu yatsekeka kale, chitani motere. Sankhani tsiku la dzuwa, ndipo mwana mumsiye ndi munthu wamkulu kutali ndi malowo. Valani nsapato. Ngati muli ndi bala kudzanja, mangani pepala la pulasitiki, kapena pemphani wina akugwirireni ntchitoyi.

Yambirani kumunsi, kumene madzi amathera, muzikwera chakumtunda. Mukayambira kumtunda mudzangokankhira zinyalala pamalo otsekekawo. Ndi khasu kapena fosholo chotsani matope akuda, udzu ndi mapulasitiki. Matopewo musawaunjike m'mbali mwa ngalande, chifukwa mvula ikagwa adzabwerera momwemo. Anyamuleni mukawakwirire m'nkhuti.

Ngati pali paipi kapena bowo lodutsa pansi pa mpanda wa bafa, lowetsanimo nsungwi yopyapyala kapena waya wolimba, muzikankha ndi kupotoza mpaka chotsekacho chitatuluka. Kenaka thirani ndowa yodzaza nthawi imodzi, kuti mphamvu ya madzi ikokolole zotsala.

Pomaliza yang'anani kutsetsereka kwa ngalande. Madzi sakwera phiri. Ngati pali malo amene madzi akudikha, salazani ndi khasu kufikira madzi atayenda osaima. Kuyala njerwa kapena miyala yaphanthiphanthi pansi pa ngalande kumathandiza kuti isakumbike ndiponso kuti isavute kusesa. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana kapena chakudya.

DZENJE LA MIYALA

Ngalande iyenera kukhala ndi kothera. Siyenera kuthera pabwalo la mnzanu kapena m'njira. Malo abwino ndi dzenje la miyala, limene limamwetsa madzi pansi osaonekera kunja.

Kumbani dzenje lozama mita imodzi, m'lifupi mita imodzi, m'litali mita imodzi. Likhale chakumunsi kwa nyumba, mapazi angapo kuchokera pakhoma kuti maziko asanyowe. Litalikirenso chitsime kapena mjigo ndi mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo lisakhale kumtunda kwa chitsimecho. Pansi ikani miyala ikuluikulu, pakati miyala yocheperapo kapena zidutswa za njerwa zootcha, pamwamba timiyala ting'onoting'ono. Yalani chiguduli pamwamba pake, mufotsere dothi, kusiya pokhapo pamene pakhale sefa kapena polowera ngalande. Pemphani abambo akunyumba akuthandizeni kukumba ndi kututa miyala, pakuti thanzi la mwana ndi udindo wa makolo onse awiri.

Musasiye dzenje lapululu lokhala ndi madzi. Mwana wamng'ono akagwera chamutu angathe kumira ngakhale m'madzi ofika m'kakolo mokha. Chimodzimodzinso ndowa ndi mabeseni a madzi: muzikhuthula kapena kuvundikira.

Dzenje la miyala nalo limakhuta. Mudzadziwa poona madzi akusefukira pamwamba ndi fungo likutuluka. Chimene chachitika nchakuti mafuta ndi matope zamata miyala ndi makoma a dzenje, ndipo dothi lalephera kumwa. Kuthiramo mankhwala sikuthandiza. Fukulani miyala yonse, muitsuke ndi kuiyanika padzuwa masiku awiri kapena atatu. Palani makoma ndi pansi pa dzenje ndi khasu kufikira dothi latsopano litaoneka, kenaka bwezeranimo miyala. Pa masiku amene dzenje lili lotsegula, litchingeni ndi minga kapena mitengo. Ngati malo alipo, ndi bwino kukumba lina pambali ndi kukwirira lakalelo.

KWA INU A KU DOTHI LA MAKANDE

Boma lathu la Phalombe lili ndi dothi la mitundu iwiri. M'mphepete mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi dothi limamwa madzi msanga, ndipo miyala siisowa. Koma kuchigwa, kulowera ku nyanja ya Chilwa, malo ambiri ndi a makande. Dothi limeneli limang'aluka m'chilimwe, koma likanyowa limatupa ndi kugwira madzi ngati mtsuko. M'dzinja madzi a pansi amakweranso kufika pafupi. Kumalo otere dzenje lozama limangosanduka chitsime cha madzi onunkha.

Musanavutike ndi kukumba, yesani dothi lanu. Kumbani kadzenje kofika m'chigongono, muthiremo madzi ndi kuwasiya aphwe. Madzulo thiraninso kachiwiri, mutchingepo. Ngati m'mawa mwapeza madzi alimobe, dothi lanu silimwa bwino.

Pamenepo chitani njira ina. Kumbani ngalande yosaya koma yaitali yopita kumene mwabzala nthochi, nzimbe kapena mapapaya. Pakati pa nthochizo kumbani beseni losaya, mulidzaze ndi udzu wouma, mapesi ndi masamba, kuti madzi asaonekere. Nthochi zimamwa madzi ambiri, ndipo madzi amene akanabala udzudzu amabala chakudya cha ana. Ngati madzi ndi ochepa, mungathenso kuwamwaza pamalo aakulu padzuwa, lero apa mawa apo, kuti aume tsiku lomwelo. Matsukwa a mphale ndi madzi ophikira kalongonda, amene amakhala ambiri nthawi imodzi, musamakhuthulire pakhomo pa khitchini. Kawathireni ku nthochi, kumene ana ndi ziweto sangawamwe. Madzi otsukira mbale musathirire ndiwo zamasamba zimene zimadyedwa zosaphika.

KWA INU OKHALA M'NYUMBA ZA SINKI

Ena mwa inu mumakhala m'nyumba za mipopi ya m'kati, monga za paboma, za pa Migowi, kapena za aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'zipatala. Sinki nayo imatsekeka pa zifukwa zomwe zija: nsima, mafuta, mchenga ndi masamba a tiyi.

Mukasuzumira pansi pa sinki mudzaona paipi yopindika ngati chigongono, kapena kabotolo kolumikizidwa ku paipi. Mmenemo mumakhala madzi nthawi zonse, ndipo madziwo ndi amene amatsekereza fungo ndi mphemvu kuti zisakwere m'nyumba. Koma mmenemonso ndi mmene zinyalala zimakonda kukhazikika. Madzi akayamba kutsika mochedwa, musadikire kuti aimiretu. Tsatani njira izi:

1. Kapani madzi oima ndi kapu, muchotse zinyalala zonse zooneka pa kasefa ka sinki.

2. Thirani sopo pang'ono ndi ketulo ya madzi otentha kuti mafuta asungunuke. Ngati mapaipi ndi a pulasitiki, madziwo akhale otentha koma osati obwadamuka. Ponyamula ketulo, mwana asakhale kumsana kapena m'miyendo mwanu.

3. Zikakanika, gwiritsani ntchito mphira wopopera, uja wokhala ndi mpini. Thirani madzi okwanira kumiza mphirawo, tsekani kabowo ka m'mbali mwa sinki ndi kansalu konyowa, ndipo popani mwamphamvu kangapo.

4. Zikakanikabe, ikani ndowa pansi pa paipi yopindika ija, mumasule ndi manja mphete zake. Khuthulirani zonse m'ndowa, tsukani paipiyo ndi waya ndi kansalu, muibwezere bwino pamodzi ndi timphira take kuti isadonthe.

5. Tulukaninso panja pamene paipi ya sinki imathirira. Kawirikawiri pamakhala kabokosi ka simenti kokhala ndi kachitsulo ka mabowo. Chotsani masamba ndi matope mmenemo.

Mukachita zonsezi madzi nkumabwererabe, ndiye kuti vuto lili patali m'mapaipi a pansi. Itanani pulambala, kapena dziwitsani eni nyumba.

Chenjezo lalikulu ndi la mankhwala otsegulira mapaipi, monga soda wa kositiki. Mankhwalawa amaotcha khungu ndi maso, ndipo mwana akawamwa amapsa kukhosi ndi kummero, mwina mpaka kulephera kumeza chakudya moyo wake wonse. M'nyumba ya ana aang'ono ndi bwino kusawasunga konse. Musawathire m'botolo la zakumwa. Musasakanize mankhwala oyeretsera a klorini ndi mankhwala ena, chifukwa amatulutsa mpweya woipa. Mwana akamwa mankhwala otere musamsanzitse, pakuti pobwerera amaotchanso kachiwiri. Thamangirani naye kuchipatala, mutatenga botolo kapena paketi ya mankhwalawo.

MAKINA OGAYA ZOTSALA

Popeza ana athu ndi abale athu ena amakagwira ntchito za m'nyumba m'mizinda ikuluikulu, mpaka ku Johannesburg ndi Cape Town, ndi bwino mudziwenso ichi kuti mukawauze. M'nyumba zina, pansi pa sinki pamakhala makina a magetsi ogaya zakudya zotsala kuti zipite ndi madzi. Makinawa anawapanga koyamba John W. Hammes wa ku Racine m'dziko la America mu 1927. Nawonso amatsekeka ndi mafuta, mafupa olimba, makoko a nthochi ndi ndiwo za ulusi.

Akaima kapena akamangolira osazungulira, choyamba ndi kuzimitsa magetsi ndi kuzula pulagi. Musalowetsemo dzanja ngakhale pang'ono. Unikani ndi tochi, mutulutse chotsekacho ndi chopanira. Makina ambiri ali ndi kabowo pansi pake kolowetsamo kasipanala ka ngodya zisanu ndi imodzi kopukusira uku ndi uku kuti amasuke, ndiponso kabatani kamene mumadina akazizira kuti ayambenso. Powayatsa, madzi ozizira azikhala akutsika. Mukuona kuti ngakhale kumene kuli makina, lamulo ndi lomwe lija: chimene sichiyenera kulowa m'paipi chisalowemo.

PAMPOPI NDI PAMJIGO

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ntchito yobweretsa madzi a m'mapiri kumidzi kudzera m'mapaipi inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika kuno kuchigwa cha Phalombe. Makolo athu anakumba okha ngalande za mapaipi kuchokera ku phiri la Mulanje mwa chitukuko chodzithandiza. Pambuyo pake kunabwera mijigo yambiri. Madzi anayandikira, koma paliponse pamene pali mpopi pamatayikanso madzi.

Nchifukwa chake pampopi ndi pamjigo pamakhala simenti ndi ngalande yotulutsa madzi. Ngalandeyo ikatsekeka ndi mchenga, makoko a nzimbe ndi nyenyeswa za otsukira mbale pomwepo, pamabadwa dambo. Ziweto zimabwera kudzamwa, udzudzu wa malungo umaswana, ndipo simenti ikang'ambika madzi akudawo angathe kulowa pansi ndi kuipitsa madzi amene tikumwa.

Mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani ndi komiti ya mjigo ndi a mfumu kuti mabanja azisinthana kusesa ngalande sabata ndi sabata. Kumapeto kwa ngalande kukhale dzenje la miyala kapena dimba la nthochi. Malowo atchingidwe ndi mpanda. Mbale, matewera ndi matumbo a nsomba zisatsukidwe pasimenti ya mjigo. Mukaona mng'alu, auzeni a komiti msanga usanakule.

MADZI OCHAPIRA MATEWERA

Pali madzi amtundu umodzi amene sayenera kulowa m'ngalande ya pathandala, ku nthochi kapena m'sinki ya kukhitchini. Awa ndi madzi ochapira matewera ndi otawazira mwana. Ambiri amati chimbudzi cha khanda nchosaopsa. Zimenezo si zoona: chili ndi tizilombo tambiri, makamaka mwana akamatsekula m'mimba. Madzi otere akathiridwe m'chimbudzi. Beseni lochapira matewera likhale losiyana ndi lotsukira mbale.

Tonse tikukumbuka mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka mu 2023. Unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera imayenda kuchokera m'chimbudzi cha wodwala kupita m'madzi ndi m'chakudya, ndipo madera ozungulira nyanja ya Chilwa akhala akuvutika nayo kawirikawiri. Ngalande yotsekeka imene yalandira madzi a matewera imasandutsa bwalo lonse kukhala njira ya matendawa.

MVULA ISANAYAMBE NDI MADZI AKASEFUKIRA

Nthawi yabwino yokonza ngalande ndi maenje ndi Seputembala ndi Okutobala, dothi lili louma. Kumbaninso kangalande kopatutsa madzi a mvula kuti asalowe m'dzenje la miyala, pakuti amabwera ndi mchenga umene ungalidzaze tsiku limodzi.

Ife a ku Phalombe timadziwa mphamvu ya madzi. Napolo anatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy anatigwera mu Malichi 2023. Madzi osefukira amasiya matope m'ngalande zonse, amagwetsa zimbudzi ndi kudula mapaipi. Ngozi yotere ikadutsa, matenda amatsatira. Choncho pobwerera pakhomo, ntchito zoyamba zikhale kukonza chimbudzi, kutsegula njira za madzi, kukwirira zithaphwi, ndi kuthira klorini m'madzi akumwa kapena kuwawiritsa, monga mmene mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuuzireni.

MWANA AKADWALA

Ukhondo umachepetsa matenda, koma mwana angathe kudwalabe. Akayamba kutsekula m'mimba, pitirizani kumuyamwitsa ndi kumdyetsa. Mpatseni madzi a Thanzi osungunulidwa monga mwalembedwa papaketi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo kuchipatala akupatsaninso mapiritsi a zinki. Thamangirani kuchipatala ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, maso alowa m'kati, liwombo lalowa, wafooka kwambiri, akukomoka, kapena m'chimbudzi muli magazi. Akatentha thupi, pitani naye tsiku lomwelo kuti akamuyeze malungo. Musaleke kugona m'masikito usiku uliwonse, ndipo musaphonye katemera aliyense wolembedwa m'buku la mwana, kuphatikizapo wa rota, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2012 pofuna kuteteza ana ku matenda otsekula m'mimba.

KUMBUKIRANI

Palani mbale musanatsuke. Zolimba m'nkhuti, madzi m'sefa.

Sinthani udzu wa m'sefa pakapita masiku awiri kapena atatu.

Potsegula ngalande yambirani kumunsi, ndipo matope mukawakwirire.

Dzenje la miyala likhale lofotsera ndiponso kutali ndi chitsime. Kumakande, madzi apite ku nthochi.

Madzi ochapira matewera apite m'chimbudzi.

Musasunge soda wa kositiki pamene pali ana.

Sambani m'manja ndi sopo mukatha ntchito imeneyi.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE

1. Kodi madzi otsukira mbale amathera pati pakhomo panu? Nanga pamaumadi tsiku lomwelo?

2. Tchulani zinthu zitatu zimene zimatseka ngalande kapena sinki.

3. Kodi dothi la kwanu limamwa madzi? Mungadziwe bwanji?

4. Ndani amasesa ngalande ya pamjigo kapena pampopi wa m'mudzi mwanu, ndipo anasesa liti komaliza?

Amayi, kupewa kumaposa kuchiza. Mukafika kunyumba lero, musanayambe kuphika, pitani mukaime pamene mumakhuthulira madzi, muone ngati ndi malo oti mwana wanu angakwawepo. Ngati si choncho, funani chitini, msomali ndi udzu, muyambepo. Mwezi wamawa pobwera ku sikelo mudzatiuze mmene zayendera, ndipo amene zakuvutani mudzanene kuti mlangizi wa zaumoyo adzakuyendereni. Tsopano konzani mabuku a ana kuti tiyambe kuyeza.